Hayao Miyazaki: Moyo, ntchito ndi luso la mmisiri wa makatuni wa ku Japan

Hayao Miyazaki ndi katswiri wa ku Japan wojambula ndi kutsogolera ntchito yopanga mafilimu a makatuni. Adabadwa pa 5 Januwale 1941 mumzinda wa Tokyo, ndipo pakati pa 1979 ndi 2023 adatsogolera mafilimu aatali 12. Awiri mwa mafilimuwo, Spirited Away ndi The Boy and the Heron, adapata mphoto ya Oscar. Mkuluyu ndi mmodzi mwa anthu amene adayambitsa kampani ya Studio Ghibli mu 1985, ndipo amadziwika kwambiri chifukwa choumirira kujambula ndi pensulo pamene makampani ambiri adasamukira ku kompyuta.

M'dziko muno anthu ambiri amaona makatuni ngati chinthu chotonthozera ana. Ntchito ya a Miyazaki imatsutsa maganizo amenewa, pakuti nkhani zawo zimakamba za nkhondo, matenda, ntchito yolembedwa, kutha kwa nkhalango ndi kuipitsidwa kwa mitsinje. Mafunso amene mafilimuwa amadzutsa si achilendo kwa munthu amene adayendapo m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, komwe fakitale, nkhalango ndi anthu osowa malo olima zakhala moyandikana kwa zaka zoposa 100.

Ubwana m'nthawi ya nkhondo

A Miyazaki ndi achiwiri m'banja la ana aamuna anayi. Bambo awo, a Katsuji Miyazaki, adali mkulu pa kampani ya banja yotchedwa Miyazaki Airplane, imene inkapanga zipangizo zowongolera ndege zankhondo za mtundu wa Zero pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Chifukwa cha ntchito imeneyi banjali silidasowe pa nthawi imene anthu ambiri a ku Japan ankagona ndi njala. Mu 1944 banjalo lidasamukira ku Utsunomiya, ndipo mu Julayi 1945, mwanayo ali ndi zaka zinayi, mzindawo udaphulitsidwa ndi mabomba usiku, banjalo n'kuthawa moto pa galimoto.

Zinthu ziwirizi, kukonda ndege ndi kudziwa kuti chuma cha banja chidachokera ku nkhondo, zidawatsata moyo wawo wonse. Pafupifupi filimu yawo iliyonse ili ndi chinthu chouluka, koma palibe imene imatamanda nkhondo.

Chinthu chachitatu chidali matenda a mayi awo, a Yoshiko, amene adadwala chifuwa chachikulu chogwira mafupa a msana kuyambira 1947 mpaka 1955. Zaka zoyambirira adazithera m'chipatala, kenako ankadwalira kunyumba. Mayi wodwala amene ana ake akumudikira kuti abwerere kwawo amapezeka mu filimu ya My Neighbor Totoro, ndipo amayi olimba mtima ndi olankhula mosapsatira ali ponseponse m'nkhani za mkuluyu.

Kuyambira pansi

Ali mnyamata a Miyazaki ankafuna kukhala wojambula nthano za m'mabuku zimene ku Japan amazitcha manga. Mu 1958 adaonera Hakujaden, filimu yoyamba yaitali ya makatuni amitundumitundu yopangidwa ku Japan, ndipo idawakhudza mtima kwambiri. Komabe ku yunivesite ya Gakushuin sadaphunzire zojambula, koma zandale ndi zachuma, ndipo adamaliza maphunzirowo mu 1963.

Chaka chomwecho adalembedwa ntchito ku kampani ya Toei pa udindo wotsikitsitsa pakati pa ojambula. Kuti ntchitoyi imveke, m'pofunika kudziwa mmene katuni imayendera. Pa sekondi imodzi filimu imaonetsa zithunzi 24 motsatizana, ndipo diso limaziona ngati chinthu chimodzi choyenda. Wojambula wamkulu amajambula zithunzi zikuluzikulu zokha, mwachitsanzo mwendo utakwezedwa ndi mwendo utaponda pansi. Zithunzi zapakati, zolumikiza ziwirizo, amajambula wantchito watsopano. Imeneyi ndiyo idali ntchito yoyamba ya a Miyazaki.

Mu 1964 adakhala mlembi wamkulu wa bungwe la ogwira ntchito pa kampaniyo, ndipo m'bungwemo adagwirizana ndi a Isao Takahata, amene adadzakhala mnzawo, mphunzitsi wawo ndi wopikisana naye kwa zaka zoposa 50. Awiriwa adagwirira limodzi filimu ya Horus, Prince of the Sun ya mu 1968, yotsogoleredwa ndi a Takahata. Mu 1965 a Miyazaki adakwatira mnzawo wa pantchito, a Akemi Ota, nawonso wojambula.

Adachoka ku Toei mu 1971. M'zaka zotsatira adagwira ntchito pa makatuni a pawailesi yakanema, kuphatikizapo Heidi, Girl of the Alps ya mu 1974, imene pokonzekera adapita ku Switzerland kukaona ndi maso mapiri ndi nyumba zimene ankafuna kujambula. Mu 1978 adatsogolera Future Boy Conan, nkhani ya zigawo 26 pa wailesi yakanema ya NHK, ndipo mu 1979 adatulutsa filimu yawo yoyamba yaitali, The Castle of Cagliostro. Apa n'kuti atagwira ntchito zaka 16.

Kubadwa kwa Studio Ghibli

Mu 1982 a Miyazaki adayamba kusindikiza nthano yojambula ya Nausicaä of the Valley of the Wind m'magazini ya Animage, mothandizidwa ndi mkonzi wina wa magaziniyo, a Toshio Suzuki. Nthanoyi adaimaliza mu 1994, koma filimu yake idatuluka mu Malichi 1984. Imakamba za dziko limene lidawonongeka ndi nkhondo zaka 1,000 zapitazo, ndi za mtsikana amene akutulukira kuti nkhalango yapoizoni imene anthu akufuna kuitentha ndiyo ikuyeretsa nthaka. Mwa zina, nkhaniyi idachokera pa tsoka la ku Minamata, komwe fakitale inkatayira m'nyanja mankhwala oopsa amene adapha ndi kulumaza anthu odya nsomba za m'deralo. Pa filimu imeneyi ndi pamene woimba Joe Hisaishi adayamba kupeka nyimbo za mafilimu a a Miyazaki, ndipo wakhala akutero pa filimu yawo yaitali iliyonse kuchokera nthawiyo.

Filimuyo itayenda bwino, a Miyazaki, a Takahata ndi a Suzuki adakhazikitsa Studio Ghibli mu Juni 1985 ndi ndalama za kampani yosindikiza mabuku ya Tokuma Shoten. Dzinali lili ndi chiyambi chake mu Africa: ghibli ndi mphepo yotentha yochokera m'chipululu cha Sahara imene imawomba ku Libya, ndipo anthu a ku Italy adatcha dzina lomweli ndege yawo ina ya nthawi ya nkhondo.

Filimu yoyamba ya kampaniyi idali Castle in the Sky ya mu 1986. Mudzi wa anthu okumba migodi wa mufilimuyi udajambulidwa potengera midzi ya ku Wales, komwe a Miyazaki adapita m'nyengo ya sitalaka yaikulu ya okumba malasha ya pakati pa zaka za m'ma 1980.

Panalinso phunziro lowawa. Mu 1985 kampani ina ya ku America idadula mphindi zoposa 20 pa filimu ya Nausicaä, n'kuitulutsa ndi dzina lina ngati nkhani wamba yomenyana. Kuyambira pamenepo Ghibli idaika lamulo lakuti aliyense wogula mafilimu ake kunja asadulepo kanthu. Pamene Princess Mononoke inkapita ku America, a Suzuki adapereka lupanga kwa mkulu wa kampani ya Miramax, a Harvey Weinstein, pomukumbutsa za lamulolo.

Totoro ndi dera la tiyi

My Neighbor Totoro idatuluka mu Epulo 1988, ndipo inkaonetsedwa pamodzi ndi filimu ya a Takahata ya Grave of the Fireflies. Nkhani yake ndi yaifupi. Atsikana awiri apachibale, Satsuki ndi Mei, asamukira kumudzi ndi bambo awo kuti akhale pafupi ndi chipatala chimene mayi awo agonekedwa. M'nkhalango yoyandikana ndi nyumba yawo akumana ndi chilombo chachikulu chaubweya, chofatsa, chimene akuluakulu sachiona. Mufilimuyi mulibe mdani, mulibe mfuti. Chimene chimagwira mtima woonera ndi mantha a mwana akamva kuti mayi ake sabwera kunyumba monga adalonjezera.

Filimuyi sidapindule kwambiri m'nyumba zoonetsera kanema, koma itayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema idatchuka, ndipo zidole za Totoro zidabweretsa ndalama zimene zidalimbitsa kampaniyo. Lero Totoro ndiye chizindikiro cha Studio Ghibli.

Malo a nkhaniyi ndi dera la Tokorozawa, m'chigawo cha Saitama, m'zaka za m'ma 1950. Derali, lomwe lili m'mphepete mwa zitunda za Sayama, limadziwika ndi ulimi wa tiyi. Ndi dziko la minda, timitsinje ndi tinkhalango tosiyidwa pakati pa minda, ndipo munthu wodziwa msewu wochoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe kupita ku Thyolo sangalione lachilendo kwenikweni. Mzinda wa Tokyo utayamba kumeza derali, mu 1990 anthu adayambitsa thumba lotchedwa dzina la Totoro, losonkhanitsa ndalama zogulira tizigawo ta nkhalango kuti tisadulidwe. A Miyazaki adathandiza ntchitoyo, ndipo tizigawo togulidwato timatchedwa nkhalango za Totoro.

Kiki's Delivery Service ya mu 1989, nkhani ya mtsikana wa zaka 13 amene akuyamba kudziimira payekha mumzinda wachilendo, ndiyo idapeza ndalama zambiri kuposa mafilimu onse a ku Japan chaka chimenecho. Porco Rosso, ya woyendetsa ndege wa nkhope ya nkhumba amene akukana kutumikira boma lankhanza la ku Italy, idatsatira mu 1992.

Nkhalango ndi fakitale

Princess Mononoke ya mu 1997 ndiyo filimu imene ikuonetsa bwino kaganizidwe ka mkuluyu. Nkhaniyi ikuchitika ku Japan wakale. Mayi wina dzina lake Eboshi wamanga mudzi wosungunula chitsulo m'mphepete mwa nkhalango yopatulika. Kuti ng'anjo ziyake pakufunika makala, ndipo kuti mchenga wachitsulo ukumbidwe mitengo iyenera kugwa. Milungu ya m'nkhalango, yooneka ngati nguluwe ndi mimbulu, ikumenyana naye, ndipo kumbali yawo kuli San, mtsikana woleredwa ndi mimbulu. Pakati pawo pali mnyamata Ashitaka, amene akukana kusankha mbali.

Wolemba wina akadamupanga Eboshi kukhala mfiti yoipa. A Miyazaki sadatero. Anthu amene amapopa mivukuto m'mudzi mwake ndi amayi amene iye adawaombola ku nyumba zauhule, ndipo amisiri ake a mfuti ndi odwala khate amene dziko lonse lidawataya. Nkhalango ikapulumuka, anthu amenewa ataya pokhala. Mudziwo ukakula, nkhalango ifa. Filimuyi imatha popanda wopambana: nkhalango yakale yapita, msipu watsopano ukuphuka, ndipo Eboshi akulonjeza kumanganso mudzi wabwino kuposa woyamba.

Mkangano wotere ndi wodziwika ku Thyolo. Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyamba kulima tiyi wamalonda mu Africa, ndipo maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene ambiri adayamba m'nthawi ya atsamunda pamene kunali thangata, amalemba ntchito anthu zikwizikwi ndi kubweretsa ndalama zakunja. Maesiteti omwewo adatenga malo aakulu achonde m'boma limene lili ndi anthu ochuluka kwambiri, mwakuti pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo idasamutsira mabanja a ku Thyolo ndi ku Mulanje m'maboma monga Machinga ndi Mangochi. Nkhalango yachilengedwe ya paphiri la Thyolo idatha pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anthu atatsegulamo minda. Kachigawo kamene kadatsala kali m'dera la esiteti ya Satemwa, yomwe idakhazikitsidwa mu 1923, ndipo ndi amodzi mwa malo ochepa kumene kumapezeka kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe, kamene kadatenga dzina la phirilo. Choncho esiteti, imene ambiri amaiona ngati yolanda malo, ndiyo idasunga mitengo, pomwe mlimi amene adadula mitengo ankafuna podzala chimanga. Amenewa ndi mavuto amene Princess Mononoke imawaika pamaso pa woonera popanda kumuuza woti amuloze chala.

Filimuyi idafuna zithunzi pafupifupi 144,000, ndipo a Miyazaki adakonzanso ndi dzanja lawo zikwi zambiri mwa zithunzizo. Nkhalango yake idajambulidwa potengera mitengo yakale ya pachilumba cha Yakushima. Idaphwanya mbiri ya ndalama zopezedwa ndi filimu ku Japan mpaka pamene Titanic idaipitirira, ndipo idakhala katuni yoyamba kupata mphoto ya filimu yopambana pa chaka ku Japan Academy Prize.

Spirited Away ndi kutchuka padziko lonse

Spirited Away idatuluka mu Julayi 2001. Chihiro, mtsikana wa zaka 10, asochera m'dziko la mizimu, makolo ake asanduka nkhumba chifukwa chodya chakudya chosakhala chawo, ndipo kuti awapulumutse ayenera kupempha ntchito pa nyumba yosambiramo mizimu. Mwini nyumbayo, Yubaba, amalanda dzina la aliyense amene wamulemba ntchito, ndipo woiwala dzina lake sabwereranso kwawo.

Pali gawo lina limene mzimu wonunkha kwambiri ubwera kudzasamba. Chihiro apeza chitsulo chobaya m'thupi mwake, onse akoka, ndipo mutuluka njinga yakapalasa ndi mulu wa zinyalala. Mlendoyo adali mzimu wa mtsinje. A Miyazaki adanenapo kuti gawoli lidachokera pa tsiku limene iwo ndi anzawo ankayeretsa mtsinje wa kwawo ndipo adavuulamo njinga. Munthu wa ku Blantyre amene amawoloka mtsinje wa Mudi safunika womumasulira gawo limeneli.

Mizimu ya m'mafilimuwa imachokera ku chikhulupiriro chakale cha ku Japan cha Shinto, chimene chimati mitsinje, mitengo ndi mapiri zili ndi eni ake osaoneka. Kuno ku Malawi kuli maganizo ofananako: nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, komwe kuli kachisi wa Mbona, siidulidwa mwachisawawa, ndipo nkhani za mizimu ya pa Sapitwa ndi za Napolo zimadziwika kwa aliyense wa m'munsi mwa phiri la Mulanje.

Filimuyi idapeza ndalama za ku Japan zoposa ma yen 30 biliyoni, ndipo idakhala pamwamba pa mafilimu onse m'dzikomo mpaka mu Disembala 2020, pamene Demon Slayer: Mugen Train idaiposa. Mu 2002 idapata mphoto ya Golden Bear ku Berlin, ndipo mu 2003 idapata Oscar. A Miyazaki sadapite kukalandira mphotoyo, ndipo pambuyo pake adafotokoza kuti sadafune kupita m'dziko limene linkaphulitsa mabomba ku Iraq.

Zaka za ukalamba

Howl's Moving Castle ya mu 2004, yochokera m'buku la Diana Wynne Jones, idatsindikanso za kuipa kwa nkhondo. Ponyo ya mu 2008 idabwerera kwa ana aang'ono ndipo idajambulidwa pamanja, ndi zithunzi pafupifupi 170,000. Mu 2013 kudatuluka The Wind Rises, yofotokoza moyo wa Jiro Horikoshi, injiniya amene adakonza ndege ya Zero, ija imene kampani ya bambo awo inkapangira zipangizo. Funso la filimuyi ndi lakuti munthu waluso ali ndi mlandu wotani pamene chinthu chokongola chimene wapanga chikugwiritsidwa ntchito yopha.

Mu Sepitembala 2013 adalengeza kuti apuma pa ntchito yopanga mafilimu aatali, ndipo mu 2014 adalandira Oscar yaulemu. Sikadali koyamba kunena zopuma, ndipo monga kale adabwereranso pa tebulo lawo. A Takahata adamwalira mu Epulo 2018 ntchito yatsopano ili mkati. The Boy and the Heron idatuluka pa 14 Julayi 2023 popanda kulengezedwa pa wailesi kapena kuonetsa tizigawo take, kupatula chithunzi chimodzi chokha cha mbalame. Ndi nkhani ya mnyamata amene mayi ake afera pa moto wa m'chipatala nthawi ya nkhondo, ndipo bambo ake ali ndi fakitale ya zipangizo za ndege. Mu Malichi 2024 idapata Oscar, mwini wake ali ndi zaka 83.

Kagwiridwe kawo ka ntchito

Mafilimu ambiri amayamba ndi nkhani yolembedwa m'mawu. A Miyazaki amayamba ndi zithunzi. Amajambula nkhani yonse m'timabokosi totsatizana, n'kulemba pambali mawu olankhulidwa ndi masekondi a gawo lililonse. Ojambula ena amayamba ntchito timabokosito tisanathe, kotero kuti nthawi zambiri ngakhale mwini filimuyo sadziwa mathero ake pamene ntchito ikuyamba. N'chifukwa chake nkhani zawo zimakhota mosayembekezereka.

Amaonanso okha ntchito ya ojambula akuluakulu ndi kukonza pamene sakukhutira. Ntchito yotere imadya nthawi. Mu The Wind Rises muli gawo la masekondi anayi loonetsa khamu la anthu likuthawa chivomezi cha mu 1923, ndipo wojambula mmodzi, Eiji Yamamori, adalijambula kwa chaka ndi miyezi itatu. Pa The Boy and the Heron, a Suzuki adanena kuti ojambula 60 ankamaliza pafupifupi mphindi imodzi ya filimu pa mwezi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe mutu umodzi susenza denga. Nkhalango za mu Totoro zidapentedwa ndi Kazuo Oga, ndipo mitundu ya mafilimu ambiri inkasankhidwa ndi mayi Michiyo Yasuda, amene adamwalira mu 2016. Kiki's Delivery Service itapindula, Ghibli idayamba kulemba ojambula ake ntchito yokhazikika ya malipiro a pamwezi, pomwe makampani ambiri a makatuni ku Japan amalipira potengera kuchuluka kwa zithunzi, monga mmene wothyola tiyi amaonjezeredwa malipiro potengera makilogalamu a masamba.

Zizindikiro za luso lawo

Choyamba ndi kachetechete. Mu 2002, pocheza ndi mtolankhani wa ku America Roger Ebert, a Miyazaki adaomba m'manja kangapo n'kunena kuti mpata wa pakati pa kuomba kumodzi ndi kwina umatchedwa ma m'chilankhulo chawo. Mafilimu awo ali ndi mipata yotere: ana akudikira basi pa mvula, mtsikana wakhala duu m'sitima, mphepo ikugwedeza udzu. Nkhani siipita patsogolo, koma woonera amapeza nthawi yomva zimene munthu wa mufilimuyo akumva.

Chachiwiri ndi kupenyetsetsa zinthu zazing'ono. Chihiro akavala nsapato amagogoda chala pansi kuti ikhale bwino. Anthu amaphika, amachapa, amasesa, amatunga madzi. Ntchito yamanja imapatsidwa ulemu, ndipo kawirikawiri ndi ntchitoyo imene imakulitsa mwana wa m'nkhaniyo.

Chachitatu ndi atsikana otsogolera nkhani. Nausicaä, Kiki, San ndi Chihiro sadikira mnyamata kuti awapulumutse, ndipo nkhani zawo sizithera pa ukwati. Chachinayi ndi kusowa kwa mdani woipiratu: kupatula mafilimu ochepa oyambirira, amene akuoneka woipa amakhala ndi zifukwa zake, ndipo ena amasintha. Chachisanu ndi mphepo ndi kuuluka, zimene zidayambira m'fakitale ya bambo awo.

Zimene ena amawadzudzula

A Miyazaki sadasowe owatsutsa. The Wind Rises idadzudzulidwa mbali ziwiri: ena, makamaka ku South Korea, adati ikukometsera munthu wopanga zida zankhondo, pomwe ena a ku Japan adakwiya chifukwa chaka chomwecho mkuluyu adalemba nkhani yotsutsa maganizo osintha malamulo aakulu a dzikolo amene amaletsa nkhondo.

Amadziwikanso kuti ndi bwana wovuta kumukhutiritsa. Yoshifumi Kondo, amene ankayembekezeka kudzatenga malo awo ndi a Takahata, adamwalira mu 1998 ali ndi zaka 47, ndipo imfa yake idadzutsa mafunso pa kukula kwa ntchito pa kampaniyo. Mwana wawo Goro, amene adatsogolera Tales from Earthsea mu 2006 bambo ake asakufuna, adalemba poyera kuti mkuluyu adali katswiri pa filimu koma wosapezeka pakhomo. Vuto la wolowa m'malo silidathe, ndipo mu 2023 kampani ya wailesi yakanema ya Nippon TV idagula gawo lalikulu la Studio Ghibli n'kuyamba kuiyang'anira.

Pensulo ndi makina

Mu 2016 wailesi ya NHK idaonetsa a Miyazaki akuonetsedwa chithunzi cha chinthu chokwawa monyansa chimene kompyuta idadziphunzitsa kuyendetsa. Iwo adakumbukira mnzawo wolumala amene amavutika ngakhale kukweza dzanja, ndipo adati zimene adaonazo ndi chipongwe kwa moyo. Mawuwa adamvekanso mu Malichi 2025, pamene anthu miyandamiyanda adayamba kugwiritsa ntchito ChatGPT kusandutsa zithunzi zawo kuti zioneke ngati za Ghibli ndi kuziika pa Facebook ndi masamba ena a mchezo. Kajambulidwe kamene kadatenga zaka 60 kuti kakhwime kankatuluka m'masekondi ochepa, ndipo mkangano wa umwini wa luso ndi tsogolo la ojambula udakula.

Nkhaniyi ikukhudzanso ojambula a kuno. Malawi ali ndi mbiri yake ya nthano zojambula, monga Chatsalira wa m'magazini ya Moni komanso Pewani ndi Zabweka a malemu Brian Hara. Ku Zambia, Malenga Mulendema adayambitsa Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka imene idayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Kuyambira mu 2020, mafilimu 21 a Studio Ghibli adayamba kupezekanso pa Netflix m'mayiko ambiri kuphatikizapo a mu Africa, motero wophunzira luso wa ku Blantyre, Zomba kapena Lilongwe amene ali ndi intaneti angathe kuwaonera ndi kuwasanthula.

Chimene wophunzira wotere angatolepo si maso aakulu kapena mitambo yokongola, zimene makina amatha kukopera. A Miyazaki adatchuka padziko lonse pojambula zimene adaziona okha: chipatala cha mayi awo, mtsinje wa kwawo, tinkhalango ta pakati pa minda ya tiyi ya ku Sayama. Chiperoni chikamatsika m'mizere ya tiyi ku Thyolo m'mawa wa mwezi wa Juni, amayi atabereka madengu kumsana, zinthu zojambula zimakhala zilipo kale, ndipo nkhani ya malo, mitengo ndi ntchito imene ili kuseri kwa chithunzicho ndi yolemera mofanana ndi ya Eboshi ndi nkhalango yake.